Kulanda Lamba ndi Kusunga Lamba

Pa tchuthi chapitachi, kwathu ku Mchinji, tinkasonkhana madzulo m'kanyumba ka kanema pa boma kuonera masewera a MMA, omwe amaphatikiza nkhonya, mateche ndi kugwetsana. Mkangano umene unatitenthetsa mitu unali uwu: mwa akatswiri amene anatenga malamba m'magulu awiri a kulemera, wamkulu ndani? Anzanga ambiri, ngakhale a kutsidya kwa Mwami, ankangoti Conor McGregor. Ine ndikukana, ndipo ndifotokoza chifukwa.

N'zoona kuti McGregor, wa ku Ireland, anachita zodabwitsa. Mu 2015 anagwetsa Jose Aldo m'masekondi 13 okha n'kutenga lamba wa makilogalamu 66. Mu 2016 anagonjetsa Eddie Alvarez n'kutenganso wa makilogalamu 70, nakhala woyamba mu bungwe la UFC kugwira malamba awiri nthawi imodzi. Koma kodi anawateteza kangati? Ngakhale kamodzi komwe ayi. Mu 2017 anathamangira ndalama za nkhonya ya Floyd Mayweather, ndipo pofika 2018 analibe lamba ndi mmodzi yemwe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Tsopano taonani Amanda Nunes, mayi wa ku Brazil. Anatenga lamba wa makilogalamu 61 mu 2016, ndipo mu 2018 anagwetsa Cris Cyborg m'masekondi 51 n'kutenga wa makilogalamu 66. Malamba onsewa anawateteza. Mu 2021 Julianna Peña anamulanda umodzi, koma iye sanathawe manyazi. Anabwerera kokonzekera ndipo mu 2022 anautenganso. Kwa ine, ameneyu ndiye ngwazi kuposa McGregor.

Wina anganene kuti kungokwera gulu lolemera ndi ntchito yaikulu kale. Ndikuvomera. Israel Adesanya, wobadwira ku Nigeria, anayesera mu 2021 koma Jan Blachowicz anamupanikiza pansi mpaka kumugonjetsa. Komabe kulanda lamba kumafuna usiku umodzi wabwino, pamene kuusunga kumafuna zaka za kudziletsa pa chakudya, kudzuka m'mamawa ndi kukumana ndi adani amene aphunzira kale njira zako zonse. Ngakhale Dricus du Plessis wa ku South Africa, amene anagwirapo malamba a makilogalamu 77 ndi 84 mu bungwe la EFC, anatenga lamba wa UFC mu 2024 koma mu 2025 Khamzat Chimaev anamulanda.

Anzanga aseminale, nkhaniyi ikutikhudza. Tsiku limene tinalandira kalata yotiitana kuno, makolo athu anasangalala ngati tatenga kale lamba. Koma tonse tikudziwa mabedi amene atsala opanda eni kuyambira Fomu 1. Ena anapita m'njira yabwino atazindikira kuti Mulungu akuwaitanira kwina, ndipo amenewo sindikuwanena. Ndikunena za ife amene tikufuna zonse nthawi imodzi: kukhala kapitawo wa mpira, mkulu wa kwaya, woyamba m'kalasi, komanso wotchuka kumudzi pa tchuthi, pamene pemphero la m'mawa tikuliodzera. Inenso chaka chatha ndinagwira maudindo awiri, ndipo Chilatini chinandigwetsa chagada. Bambo mphunzitsi anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, unabwerera chiyani kuno?" Ndinasowa choyankha.

Inu makolo ndi ansembe athu, musatiyamikire chifukwa cha kuchuluka kwa zimene tayamba. Mudzitifunsa za chimodzi chimene tasunga kuyambira chaka chatha. Ndikamadutsa pa Kachebere popita kwathu, ndimayang'ana phiri lija n'kudzifunsa ngati ndidzafikapo. Ngati ndidzafike, kudzakhala chifukwa choti lamba mmodzi ameneyu ndinamuteteza teremu ndi teremu.