Sikuti aliyense wotsokomola ali ndi TB

Kwathu kwa Mphuka munthu akatsokomola mwezi wathunthu n'kuyamba kuwonda, mlandu wake timaweruziratu. M'mizere ya tiyi, pachitsime, ngakhale pakhomo la tchalitchi tsiku la Sabata, tonse timasanduka madokotala: ndi TB basi, ndipo kuseri kwake kuli kachilombo. Akamwa mankhwala miyezi 6 koma chifuwa osaleka, timati amulodza.

Kumuuza wotsokomola kuti akayezetse TB sikulakwa. Thyolo yaika m'manda anthu ambiri chifukwa cha TB ndi Edzi, choncho kupereka makhololo ku Malamulo kapena kuchipatala cha boma kukhalebe koyambirira. Cholakwa chathu ndi kuganiza kuti matenda a m'mapapo ndi amodzi okhawo.

Pali ena otchedwa sarcoidosis, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Norway, Caesar Boeck, mu 1899. Apa chitetezo cha m'thupi chimachita ukali popanda mdani wooneka, n'kuunjika timibulu ting'onoting'ono m'ziwalo. Mwa odwala 10, pafupifupi 9 timibuluto timakhala m'mapapo kapena m'maanabele a m'chifuwa, koma timafikanso pakhungu, m'maso ndi mumtima. Munthu amatsokomola chouma, amabanika, amatopa, amawonda. Pa ekisire amafanana kwambiri ndi TB, moti nthawi zambiri madokotala amachita kudula kanyama n'kukaunika. Choyambitsa chake sichinadziwikebe.

Chimene chimatikhudza ife ndi ichi: matendawa sapatsirana. Amene tamupatulira kapu ndi mbale yake, tamupatula pachabe. Ambiri amachira okha, ena amafunika prednisone. Koma wina asathamangire kukagula mankhwalawa kufamase, chifukwa amafooketsa chitetezo, ndipo akamwa munthu amene alidi ndi TB, matendawo amakula msanga.

Mwina mufunsa kuti ife ophunzira zauphunzitsi zikutikhudza pati. Posachedwapa tiima kutsogolo kwa ana a anthu othyola tiyi, ndipo kumudzi mawu a aphunzitsi amamveka kuposa chikwangwani cha chipatala. Wothyola tiyi amalandira malinga ndi makilogalamu amene wathyola. Akabanika pamtunda, dengu silidzaza, ndipo fizi ya mwana imasowa. Mwanayo akadzatiuza kuti amayi ake atsiriza mankhwala koma akubanikabe, tidzamuuze kuti abwerere nawo kuchipatala, atenge buku lawo la zaumoyo, akafunse ngati pangafunike kuwatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.