Madzi saiwala khwawa, woiwala ndi munthu

Ukafika ku Mzilawaingwe mumzinda wa Mzuzu mwezi wa Okutobala, sungaganize kuti madzi angavutitse munthu kumeneko. Ngalande zimakhala gwa, ana akusewera mpira m'malo otsika, ena akuumba njerwa, ena akukumba maziko pamalo pomwe miyezi isanu ikubwerayo pamadzalira achule.

Komatu anthu a mumzindawu akudziwa zomwe zidachitika mu Epulo 2016. Mvula idagwa masiku otsatizana, nyumba zambiri zidagwa m'madera monga Masasa, Chibavi, Chiputula ndi Mzilawaingwe. Anthu ena adataya miyoyo, ndipo mabanja ambiri adathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi. Dzuwa litawala, ambiri adabwerera pamabwinja awo n'kuyambanso kumanga.

Oweruza msanga amangoti umenewu ndi umbuli kapena makani. Chigamulo chotere n'chosavuta kupereka ukakhala kuti nyumba yako ili pamtunda ku Katoto kapena ku Chimaliro, koma sichifotokoza chilichonse ndipo sichipulumutsa aliyense.

Tatengani bambo wopalasa kabaza kapena mayi wogulitsa masamba pamsika waukulu wa Mzuzu. Kuchokera ku Mzilawaingwe amafika m'tauni wapansi, osalipira galimoto. Lendi ya nyumba ya kudambo ndi yotsikirapo, ndipo poloti yake n'njotchipa poyerekeza ndi ya pamtunda. Sukulu ya ana ili pafupi, makasitomala amamudziwa. Munthu ameneyu wawerengera ndithu, ndipo masamu ake si a chitsiru.

Katswiri wina wa ku America, Herbert Simon, yemwe adalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 1978, adaphunzitsa kuti palibe munthu amene amayeza njira zonse asadasankhe. Nthawi imachepa, zomwe akudziwa zimachepa, ndipo mutu nawo uli ndi polekezera. Choncho munthu amafufuza mpaka apeze chinthu choyamba chomwe chikumukwanira, n'kuimira pomwepo. Wofuna nyumba lendi ikamuthera mawa sayendera mzinda wonse. Akapeza chipinda chomwe thumba lake lingakwanitse, amalowa, za ngalande adzazionera m'tsogolo.

Kufikira apa palibe cholakwika. Vuto limayamba pomwe mutu womwewo uyamba kunamiza mwini wake.

Choyamba, cha lero chimalemera kuposa cha mawa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya lendi yomwe wapulumutsa mwezi uno ukuigwira m'manja, pomwe chigumula cha mu Epulo n'chongoganizira.

Chachiwiri, munthu amayeza kuopsa kwa chinthu potengera momwe akuchikumbukirira. Daniel Kahneman, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 2002, pamodzi ndi mnzake Amos Tversky adaonetsa zimenezi pa kafukufuku wawo. Sabata yoyamba madzi atasefukira, aliyense amalumbira kuti asamuka. Pakapita zaka zitatu mvula ikugwa bwinobwino, mantha aja amazilala, chikhalirecho mtsinje wa Lunyangwa ndi timakwawa tothira m'menemo sitidasunthe ngakhale phazi limodzi.

Chachitatu ndi kuyang'ana anzako. Ukaona mabanja makumi awiri amanga pamalo, mtima umakhala m'malo poganiza kuti onsewo sangalakwitse. Chonsecho aliyense mwa iwo adalimba mtima poona mnzake, ndipo palibe adafunsapo kuti madzi amalekeza pati.

Chachinayi ndi ndalama zomwe zidalowa kale. Munthu yemwe adathira malata ndi simenti pa nyumba amaona ngati kuchokapo n'kutaya thukuta lake, motero amathiranso zina pokonza khoma lomwe lidzagwenso. Ndalama zoyambazo zidapita kale, kaya akhale kaya achoke. Funso loona ndi lakuti ndalama zatsopanozi aziike pati.

Umphawi umakulitsa zonsezi. Mu 2013, akatswiri ena kuphatikizapo Sendhil Mullainathan ndi Eldar Shafir adatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe adachita pakati pa alimi a mizimbe ku India. Alimi omwewo adapatsidwa mayeso a kaganizidwe asadakolole, m'thumba muli mbee, ndiponso atakolola n'kulandira ndalama. Adakhoza bwino atalandira ndalama. Nzeru zawo zidali zomwezo, koma nkhawa ya ngongole ndi chakudya idali itadya malo m'mutu. Mayi amene akuganiza za ufa wa madzulo ano sitingamudabwe akalephera kuganiza za mvula ya chaka chamawa.

Ndipo asadzinamize ophunzira kuti matendawa ndi a osauka okha. M'maofesi namonso mumakhala anthu omwe amaona maziko akukumbidwa m'dambo n'kunena kuti adzaziona mawa. Nyumba za m'mphepete mwa phiri la Soche ku Blantyre sizidamangidwe usiku umodzi. Zidakwera phirilo kwa zaka, aliyense akuona, mpaka namondwe wa Freddy adafika mu Malichi 2023, pomwe anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno. Lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lidadutsa ku Nyumba ya Malamulo maliro atachitika kale.

Ngati mutu wa munthu uli ndi malire chotere, mankhwala ake si kumulalatira kuti aganize bwino. Mankhwala ndi kumanga mfundo nthawi yomwe mutu uli wozizira, n'kuimanga moti isamasuke msanga.

Amalawi nzeru imeneyi akuidziwa kale pa nkhani ya ndalama. Mayi amalowa banki m'khonde chifukwa akudziwa kuti ndalama ikagona m'nyumba siona m'mawa. Mlimi wochenjera akagulitsa fodya ku okushoni ya Mzuzu amagula feteleza sabata yomweyo, asadapite koziziritsa fodya. Ku Kenya, kafukufuku wa Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson adapeza kuti alimi ambiri adathira feteleza atapatsidwa mwayi womulipiriratu atangokolola. Onsewa sadalira mtima wawo wa mawa, amaumangiratu lero.

Nzeru yomweyi igwire ntchito pa malo okhala. Wofuna poloti kapena nyumba ya lendi asakaione m'chilimwe mokha. Apiteko mu Malichi kapena Epulo, pomwe mvula ya ku Mzuzu imakhala itakhutitsa nthaka. Ayang'ane mzere wa chinyezi pamakoma oyandikana nawo, ndipo afunse agogo omwe akhala m'deralo zaka zambiri, osati wogulitsa yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Banja lomwe lili kale kudambo ndipo silingathe kusamuka chaka chino likhale pansi mvula isadayambe. Ligwirizane kuti madzi akafika pakuti, onse atuluka popanda kukambirananso, ndipo lidziwiretu kwa mbale kapena kutchalitchi komwe likagone. Ziphaso, makadi a kuchipatala ndi mabuku a ana zikhale m'jumbo pamalo okwera. Pakati pa usiku, magetsi atazima, ana akulira, si nthawi yoyamba kuganiza.

Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu ndi nthambi yoona za ngozi ya DoDMA nazo zili ndi mbali yawo. Kuletsa kumanga kuchitike tsiku lokumba maziko, osati denga litafoleredwa. Ngalande zitsukidwe mu Okutobala. Ndipo pouza anthu kuti asamuke, malo atsopanowo akhale oti munthu angapezeko madzi, sukulu ndi njira yofikira pamsika. Kupatsa wakabaza poloti kutali ndi makasitomala ake n'kumuuza kuti asankhe pakati pa chigumula chobwera mwa apo ndi apo ndi njala ya tsiku lililonse. Aliyense akudziwa chomwe angasankhe.

Okutobala akadzafikanso, ngalande za ku Mzilawaingwe zidzauma, ndipo wogulitsa poloti adzaloza malo osalala bwino. Wogulayo adzakumbukire kuti maso ake akuona mwezi umodzi wokha mwa khumi ndi iwiri.