Wopita ku Mangalande asaphonye tsiku la msika

Mmalawi akapeza mwayi wokacheza kwa abale ku Mangalande, malo oti akaone amadziwika kale. Akajambulitse pa Big Ben, akasuzumire pachipata cha nyumba yachifumu ya Buckingham, kenaka akalowe m'masitolo a magalasi okhaokha n'kutulukamo ndi zikwama zotupa. Akafika kumudzi nkhani imakhala imodzi: kumene kuja kulibe zogulitsa panja, chilichonse ndi m'sitolo.

Izi si zoona ayi. Ndipo amene wabwerako asanapondeko pamsika wa m'katauni kena ka kumidzi wasiya chinthu chimene chikanamutsegula maso kuposa nsanja ya wotchi ija.

Chitsanzo ndi Melton Mowbray, katauni kamene kali ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera mumzinda wa Leicester, komwe kuli anthu ambiri ochokera kuno ku Malawi. Lachiwiri lililonse m'mawa, misewu ya pakati pa tauniyi imadzaza ndi mabenchi a malonda, pamene chapafupi pomwepo alimi amakhala akugulitsana ng'ombe ndi nkhosa pa okushoni. Pamabenchipo pamakhala kabichi, mbatatesi, mazira, chizi ya Stilton komanso mapayi a nyama ya nkhumba amene anatchukitsa tauniyi. Msika umenewu si wadzana: unalembedwa kale mu 1086 m'kaundula wa chuma cha dzikolo wotchedwa Domesday Book.

Ku Salisbury nako msika umachitika Lachiwiri ndi Loweruka, potsatira chikalata chimene Mfumu Henry III inapereka mu 1227. Ku Barnstaple, m'chigawo cha Devon, nyumba ya msika inamangidwa mu 1855 ndipo dzina lake, Pannier Market, linachokera ku madengu amene alimi ankanyamuliramo katundu wawo. Ngakhale maina a matauni ena amaulula chiyambi chawo. Market Harborough ndi Market Drayton akuzinena okha, pamene liwu loti Chipping, la mu Chipping Norton ndi Chipping Campden, linkatanthauza msika m'Chingerezi chakale. Anthu sanayambe ndi kumanga tauni n'kumaganiza za msika pambuyo. Matauni ambiriwa anakula chifukwa cha msikawo, monga momwe akulira Lizulu kapena Jenda.

Pali lamulo lina lakale limene mayi aliyense wosenza dengu la tomato angalimvetse popanda womasulira. Buku la malamulo la m'zaka za m'ma 1200, lodziwika ndi dzina la Bracton, linati msika watsopano usayandikire unzake ndi mtunda wochepera makilomita pafupifupi 11. Ankawerengera chonchi: munthu woyenda pansi amatha makilomita 32 patsiku. Tsikulo aligawe patatu, kupita, kugulitsa ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Makhonsolo ena akugwiritsabe ntchito muyeso umenewu poteteza misika yawo, ngakhale aliyense tsopano amabwera pagalimoto.

Koma misikayi inatsala pang'ono kuthera m'mabuku a mbiri. Masitolo akuluakulu monga Tesco, Sainsbury's ndi Asda atafalikira, ambiri atamangidwa kunja kwa matauni komwe kuli malo oimikapo magalimoto, anthu anayamba kugula zonse pamalo amodzi. Ogulitsa nyama ndi ndiwo zamasamba a m'matauni anatseka mmodzimmodzi. Mlimi wamng'ono anatsala ndi wogula mmodzi, sitolo yaikulu, imene inkamuuza mtengo komanso kukula ndi maonekedwe a karoti amene ikufuna. Karoti wokhota ankabwezedwa ngati wapalamula mlandu.

Kenaka mantha analowa m'khitchini. Mu 1996 boma la Britain linavomereza kuti matenda a misala ya ng'ombe atha kukhala kuti akupatsira anthu kudzera m'nyama. Mu 2001 kunabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa ndipo misika ya ziweto inatsekedwa. Mu 2013 kunapezeka nyama ya hatchi m'zakudya zina za m'masitolo zimene zinalembedwa kuti ndi ng'ombe. Funso limene wogula wa pa Thondwe savutika nalo, loti kodi ichi chachokera kwa yani, linasowa woyankha m'dziko lolemera.

Mkati mwa mavutowa, mu 1997, mumzinda wa Bath munatsegulidwa msika wa alimi woyamba wa mtundu watsopano. Umachitika Loweruka pa Green Park, siteshoni yakale ya sitima, ndipo choseketsa n'chakuti pafupi pomwepo pali sitolo ya Sainsbury's. Stroud inatsatira mu 1999, matauni ena ambiri n'kutengera.

Malamulo a misika ya alimi yambiri ndi awiri basi. Katundu achokere pafupi, kawirikawiri mtunda wosapitirira makilomita 48. Ndipo woima kuseri kwa benchi akhale amene analima, kuweta kapena kuphika chinthucho, apo ayi wogwira naye ntchito. Wokapikula kwina n'kudzagulitsa alibe malo. Wogula soseji atha kufunsa kuti nkhumbayo inkadya chiyani, ndipo yankho limachokera kwa amene ankaidyetsa.

Apa mpamene pagona nkhani. Azungu anachita kukhala pansi, kulemba malamulo ndi kuitanira anthu kuti abwezeretse chinthu chimene banja la ku Ntcheu kapena ku Mzimba limachipeza tsiku la msika lililonse osachiyamikira n'komwe. Pamene kuno ena amaona ngati kugula anyezi wokutidwa m'pulasitiki ndiye chitukuko, kumeneko munthu wophunzira amanyadira kuti mazira ake amawagula kwa mlimi amene amamudziwa dzina.

Si kuti zonse n'zokoma. Msika wa alimi ndi wodula. Buledi, uchi ndi chizi za pamenepo nthawi zambiri zimaposa mtengo wa ku Aldi kapena Lidl, choncho banja lopeza movutikira limangodutsa. Pena pake msikawu umaoneka ngati malo ochezera a anthu opeza bwino, oyenda ndi agalu awo ndi kapu ya khofi m'manja. Misika wamba ya mumsewu ndiyo yotsika mtengo, koma yambiri yachepa mabenchi, ndipo ina yatsala ndi zikwama za mafoni, masokosi ndi nthochi zochokera kunja. Woganiza kuti ku Mangalande mlimi wamng'ono anapulumuka kotheratu akudzinamiza.

Komabe chimene maso a mlendo ayenera kuona ndi kasamalidwe kake. Msika umaloledwa pakati penipeni pa tauni, pamalo aulemu, osati kuseri kwa depoti. Msewu umatsekedwa kapena kupanikizidwa kuti malonda achitike, monga zimakhalira ku Skipton masiku anayi pasabata. Pofika madzulo mabenchi apasulidwa, zinyalala zachotsedwa, magalimoto ayambanso kudutsa. Kuno, boma litachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda mu 2006, mkangano waukulu unali woti apite kuti, ndipo ambiri anabwereranso chifukwa wogula ali mumsewu momwemo. Angerezi sanathetse vutoli pothamangitsana. Anagwirizana za tsiku, malo ndi ola. Wogulitsa wa kuno amene amadula chiphaso m'mawa uliwonse koma n'kumayala tomato m'matope, chimbudzi chili chotseka, ali ndi chifukwa chofunsira kuti ndalama yake imagwira ntchito yanji.

Wofuna kukadzionera yekha ayambe wafunsa tsiku la msika, chifukwa tauni iliyonse ili ndi lake, ndipo misika ya alimi ina imachitika kamodzi kapena kawiri pamwezi. Alawirire, poti yambiri imatha dzuwa likangopendeka. Atenge kachikwama kake. Milu kulibe, zambiri ndi za pasikelo, ndipo mtengo umalembedwa pakabolodi. Kunenerera sikozolowereka, basera nayenso asamuyembekeze, ngakhale wogulitsa chizi amadula kachidutswa koti munthu alawe. Koma pamsika wamba, nthawi yoweruka ikayandikira, wogulitsa zipatso amayamba kukuwa mitengo yotsitsa kuti asabwerere nazo kunyumba, mawu ake osasiyana kwenikweni ndi a mnyamata wa kabichi pa Lizulu basi ikamanyamuka.