Akakukanani musatenthe zolemba zanu



Lero ndikulankhula ndi inu amene mumalemba: ndakatulo, nyimbo ya kwaya, sewero la achinyamata, kapena buku limene lagona m'chikwama zaka zitatu. Munatumiza, anakukanani, mwina sanayankhe n'komwe. Manje mukuti basi, mphatso ndilibe. Ine ndikuti mwafulumira kudziweruza.

Inu a pamsika nkhaniyi mukuidziwa. Kasitomala akagwira tomato, n'kufunsa mtengo, n'kupita, simutaya dengu. Mwina alibe ndalama, mwina wagula kale, mwina tomatoyo wafewa. Ziwiri zoyambazo simungazisinthe. Chachitatucho ndi chanu, ndipo mumachikonza pokaoda mawa. Wolemba nayenso adzifunse: andikana chifukwa malo anali ochepa, kapena nkhani yanga sinapse? Ngati mkonzi wanena pamene palakwika, mwapeza mphunzitsi waulere. Lirani tsiku limodzi, mawa lake tengani cholembera.

Werengani Yeremiya 36. Baruki analemba mawu onse a mneneri mu mpukutu. Mfumu Yehoyakimu, ikuotha moto, inkadula mpukutuwo ndi mpeni chigawo ndi chigawo, n'kumaponya pamoto mpaka unatha. Yeremiya ndi Baruki anatenga mpukutu wina n'kulembanso, ndipo wachiwiriwo unali ndi mawu ambiri kuposa woyamba. Mfumu inali ndi mphamvu yotentha, koma yoletsa kulemba inalibe.

Kwa anansi athu ku Zimbabwe, Tsitsi Dangarembga anakanidwa ndi osindikiza angapo a kwawo. Buku lakelo, Nervous Conditions, linatuluka ku London mu 1988, ndipo chaka chotsatira linapata mphoto ya Commonwealth ya chigawo cha Africa. Akanaling'amba ndi mkwiyo, bwenzi lero tikuwerenga chiyani?

Koma ndikuchenjezeni. Si kukanidwa kulikonse kumene kuli chizunzo, nthawi zina mkonzi amakhala akunena zoona. Musatenge mpamba wa bizinesi kapena ndalama za sukulu za ana kukasindikiza mabuku ambirimbiri chabe kuti muonetse amene anakukanani. Mkwiyo sugulitsa buku. Yambani mwapatsa anthu atatu osakunyengererani kuti awerenge, amayi anu asakhalepo chifukwa iwo adzangoti ndi labwino.

Nanga akakulandirani? Pamenepo ndiye pali mayeso ena. Kwaya ikaimba nyimbo yanu pa Sande, mutu umakula, moni kwa anzanu amayamba kuvuta. Onani mwana wa kwathu, Namwali Serpell, wobadwira mu Lusaka. Mu 2015 anapambana Caine Prize, ndalama zokwana mapaundi 10,000, ndipo anagawana ndi olemba anzake anayi amene anafika nawo kumapeto kwa mpikisanowo. Anadziwa kuti kupambana kwake sikunachepetse luso la anzakewo. Ndiye inu nkhani yanu ikatuluka m'nyuzipepala, thokozani, kenaka muonetse mnzanu kumene munatumiza.

Amene wakukanani waona tsamba limodzi, amene wakuyamikirani waonanso tsamba limodzi. Mulungu amene anakupatsani mphatsoyo sanayembekeze kalata ya mkonzi kuti akulandireni. Sabata ino tulutsani zolemba zija, konzani ndime imodzi tsiku lililonse mukaweruka, ndipo pofika Loweruka mutumizenso kwina.

Ambuye akhale nanu pa malonda ndi pa zolemba zanu. Amen.