Mwana woyamba wa mudzi asabwerere panjira

Pamene Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero m'chaka cha 1861, wotumidwa ndi anthu a m'mayunivesite a Oxford ndi Cambridge, ndani akadalota kuti zidzukulu za iwo amene pambuyo pake anasenza goli la thangata m'minda ya A. L. Bruce, kumene nyumba zopemphereramo za anthu a John Chilembwe zinkatenthedwa, zidzaloŵa tsiku lina pa chipata cha yunivesite ku Zomba?

Komatu kuloŵa nkwina, kukhalitsa nkwinanso. Mwana amene atate ake ndi amake sanapondepo m'koleji, ngakhale mudzi wonse utamperekeza ndi nthungululu, akafika kumeneko apeza kuti ngongole ya boma, imene bungwe lake linakhazikitsidwa mu 2015, siifikira onse oipempha. Lendi imdikira, njala imsautsa, ndipo choŵaŵa koposa nchakuti alibe mkulu womnong'oneza kuti kulephera mayeso amodzi si imfa, ndi kuti kugogoda pakhomo la mphunzitsi si chipongwe. Manyazi apha ambiri kuposa umbuli.

Ine ndinena kuti yunivesite impatse mwana wotere mnzake wa chaka chachitatu, makamaka wochokera dera lakwawo, womgwira dzanja kufikira atazoloŵera. Ndipo ife a kuno, mafumu ndi mipingo, pokumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tizisonkha pa nthawi yogulitsa nandolo, monga tisonkhera maliro mosadikira kupemphedwa kaŵiri.