Chikalata Patsogolo, Njerwa Pambuyo

Nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, sizikwanira onse ozifuna. Choncho mphunzitsi kapena namwino wachinyamata mu Lilongwe amadzifunira yekha yogula. Amayamba wafunsa za chikalata cha umwini wa malo, pakuti popanda chikalatacho banki siikongoza ndalama za nyumba, ndipo malo amodzi amatha kugulitsidwa kwa anthu awiri. Kenaka amaona ngati madzi, magetsi ndi minibasi zimafikako. Podziwa kuti tsiku lina boma lidzamsamutsira ku Nsanje kapena ku Chitipa, amasankha dera lopeza msanga wochita lendi, monga Area 25. N'chifukwa chake mlimi wogulitsa malo m'mphepete mwa mzinda asadabwe wogula wotere akakana kalata ya mfumu yokha.