ZA MASEWERA: Munthu Wopambana Mwa Kutaya Zonse

Pa bwalo la nsolo aliyense adziwa kuti wopambana ndi uja amene wadya njombwa za mnzace namsiya manja-manja. Koma pa masewera a makadi a pa kompyuta ndi pa lamya za m'manja pali anthu ena amene asankha njira yodabwitsa kwambiri: ayamba ataya zao zonse, ndipo pamenepo ndi pamene apambana. Danga lino lifotokoza za njira imeneyi, pakuti anyamata ndi asungwana ambiri akuthera nthawi ndi ndalama pa masewera a pa lamya, ndipo nkwabwino kuti makolo adziwe cimene ciri m'katimo.

Sewero lace ndi Hearthstone, lopangidwa ndi kampani ya Blizzard Entertainment ya ku California m'dziko la Amereka. Linaturuka m'caka ca 2014, ndipo mu 2015 linafika pa lamya za m'manja. Pofika mu 2018 kampaniyo inalengeza kuti anthu olembetsa anakwana 100 miliyoni. Mipikisano yace iri ndi mphotho zazikuru. Mu 2016 mnyamata wa ku Russia wodziwika ndi dzina lakuti Pavel anakhala katswiri wa dziko lonse nalandira madola 250,000.

Malamulo ace ali motere. Anthu awiri apikisana pa intaneti, yense ali ndi mtolo wa makadi 30 odzisankhira yekha, ndiponso mtsogoleri wokhala ndi moyo 30. Makadi ena ndi asilikali, ena ndi matsenga. Kadi iri yonse iri ndi mtengo wace umene ulipidwa ndi mphamvu yochedwa mana. Mphamvuyi iyamba pa 1, nionjezeka ulendo uli wonse kufikira pa 10. Amene wathetsa moyo wa mtsogoleri wa mnzace ndiye wapambana. Cifukwa cace anthu ambiri asankha asilikali ochipa ndi acangu, kuti amenye mnzao msanga asanakonzeke.

Tsono mu Ogasiti 2018 munaturuka kadi yochedwa Mecha'thun, ya mtengo wa mana 10. Lamulo lace linali lakuti msilikali ameneyu akafa pamene mwini wace alibe kadi iri yonse m'mtolo, m'manja ndi pa bwalo, mtsogoleri wa mdani afa nthawi yomweyo, ngakhale moyo wace ukhale wocuruka cotani. Apa panali mfundo yobvuta. Mana onse 10 athera pa kuika msilikaliyo pa bwalo. Nanga aphedwa ndi ciani, ndipo makadi otsala m'manja atayidwa bwanji?

Akatswiri osewera ndi mtsogoleri wa mtundu wa Warlock anamasula mfundoyi mocenjera. Mtsogoleri ameneyu atha kutenga kadi yoonjezera polipa mana 2 ndi moyo 2, motero mtolo wace utha msanga. Mecha'thun akafika m'manja, iwo anali kuponya makadi awiri ochedwa Galvanizer, ndipo iri yonse inali kucepetsa mtengo wace ndi 1, kufikira pa 8. Mtolo ukatha, anali kuika Mecha'thun pa bwalo ndi mana 8, ndi kuponya Bloodbloom ndi mana 2 otsalawo. Kadi imeneyi inali kulola kuti tsenga lotsatira lilipidwe ndi moyo m'malo mwa mana. Potsiriza anali kuponya Cataclysm polipa moyo 4, ndipo tsenga limeneli linali kupha asilikali onse ndi kutaya makadi onse a m'manja. Pamenepo mtolo ulibe kanthu, manja alibe kanthu, bwalo liri pululu, ndipo mdani wagwa.

Pomva cabe njirayi ioneka yokoma, koma zoopsya zace nzambiri. Coyamba, munthu ayenera kukhala ndi moyo kwa nthawi yaitali akumenyedwa, osabwezera kweni-kweni, ndipo mdani wacangu atha kumtsiriza mtolo usanathe. Caciwiri, m'manja simuloledwa makadi opitirira 10. Kadi imene yabwera manja atadzala ionongeka, ndipo ikakhala Mecha'thun, imene iri imodzi yokha m'mtolo, ciyembekezo conse catha. Cacitatu, mtolo ukatha sewero liyamba kulanga mwini wace: ulendo woyamba wofuna kutenga kadi ataya moyo 1, waciwiri 2, wacitatu 3. Wosawerenga bwino apezeka alibe moyo wokwana kulipira Cataclysm, nadzipha yekha ali pa khomo la cipambano. Ndiponso adani anali ndi mankhwala ace, monga kadi ya Demonic Project imene inali kusandutsa msilikali mmodzi wa m'manja mwa yense kukhala ciwanda.

Nanga ncifukwa ninji anthu ena anakonda njira yoopsya cotere? Cifukwa mdani amene wazolowera kumenyana ndi asilikali pa bwalo asowa cogwira. Iye asunga zida zace kudikira nkhondo imene siifika, ndipo akazindikira nthawi yatha kale. Koma njira yacilendo ipindula pamene iri yacilendo. Anthu akaidziwa aikonzera msampha, monga momwe mlenje acitira ndi nyama yoyenda njira imodzi masiku onse. Pa nsolo ziri cimodzi-modzi: nkhalamba imene ilola mnyamata kudya njombwa zowerengeka poyamba ikhala itawerenga kale maenje, ndipo akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali cinthu cina cimene makolo ndi ana ayenera kucisunga. Hearthstone ilowedwa mwaulere, koma timaphukusi ta makadi tigulidwanso ndi ndalama, ndipo wogula sadziwa makadi amene ali m'katimo kufikira atatsegula. Makadi apamwamba monga Mecha'thun apezeka mwa apo ndi apo. Kuonjezera apo kampani isintha malamulo a makadi pamene ifuna, ndipo caka ciri conse makadi akale acotsedwa m'gawo lalikuru la mpikisano. Mecha'thun anacotsedwamo mu Epulo 2020, natsala m'gawo lochedwa Wild. Motero mtolo umene munthu anauvutikira sukhala wamphamvu mpaka kale-kale.

Sewero lotere liphunzitsa kuwerenga, kudekha ndi kuganizira za kutsogolo, ndipo zimenezi nzabwino. Koma kutaya zonse kupindula m'sewero mokha. Mnyamata amene atenga ndalama ya feteleza kapena ya sukulu kukagula timaphukusi ta makadi sadzapeza kadi yomubwezera ndalamayo pa nthawi yokolola.